Mankhwala okonza puloteni yolakwika: zomwe Machinga ndi Balaka angaphunzire pa matenda a sickle cell

Pa 25 Sepitembala 2024 kampani yopanga mankhwala ya Pfizer ya ku America inalengeza kuti yachotsa pamsika m'mayiko onse mankhwala otchedwa voxelotor, omwe ankagulitsidwa m'dzina la Oxbryta kwa anthu odwala matenda a sickle cell. Kampaniyo inati umboni womwe inali nawo unkasonyeza kuti ubwino wa mankhwalawo sukuposanso chiopsezo chomwe amabweretsa kwa odwala, ndipo inaimitsa kafukufuku yense yemwe ankachitika pa mankhwalawo.

Mankhwalawa, omwe ku America mtengo wake unali pafupifupi madola 125,000 pa wodwala mmodzi pa chaka, sanali oti n'kupezeka pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde kapena pa chipatala cha boma la Balaka. Komabe kuchotsedwa kwake kukukhudza maboma awiriwa. Voxelotor anali mankhwala oyamba kuvomerezedwa olimbana mwachindunji ndi puloteni yolakwika yomwe imayambitsa sickle cell, ndipo imfa zomwe zinachititsa kuti akatswiri ayambe kuwakayikira zinaoneka pa kafukufuku yemwe ankakhudza mayiko a mu Africa momwe malungo ndi ofala monga alili m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Chilwa.

Pamene asayansi akupitiriza kufunafuna mankhwala ena a mtundu umenewu, a zaumoyo m'dziko muno atsala ndi funso lakuti mwana wobadwa ndi sickle cell ku Ntaja, Nayuchi, Ulongwe kapena Phalula ayembekezere chiyani kuchokera kunja, nanga n'chiyani chomwe angathandizidwe nacho lero.

Mkanda umodzi wolakwika

Ntchito zambiri za m'thupi la munthu zimagwiridwa ndi mapuloteni amitundumitundu. Puloteni iliyonse imapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid, tomwe timalumikizana ngati mikanda pa chingwe, kenako chingwecho chimapindika mwa dongosolo lake kuti chithe kugwira ntchito. Malangizo a mmene mikandayo iyenera kutsatirana amalembedwa m'chibadwa chomwe mwana amatengera kwa bambo ndi mayi ake. Malangizowo akalakwika pamalo amodzi okha, puloteni ikhoza kupindika molakwika, kuphwasuka msanga kapena kumatirirana ndi inzake.

M'maselo ofiira a magazi muli puloteni yotchedwa himogulobini, yomwe imanyamula mpweya wa okosijeni kuchokera m'mapapo kupita nawo m'ziwalo zonse. Puloteniyi ili ndi zingwe zinayi, ndipo ziwiri mwa izo, zotchedwa beta, zili ndi mikanda 146 chilichonse. Mwa munthu wodwala sickle cell, mkanda wa nambala 6 ndiwo wolakwika, popeza pamalo poyenera kukhala glutamic acid pamakhala valine. Kusiyana kumeneku anakupeza ndi wasayansi Vernon Ingram ku Cambridge, m'dziko la Britain, m'zaka za 1956 ndi 1957, potsatira ntchito ya Linus Pauling ndi anzake omwe mu 1949 anasonyeza kuti gwero la matendawa lili mu himogulobini. Dokotala James Herrick wa ku Chicago ndiye anayamba kulemba za maselo a maonekedwe achilendowa mu 1910.

Himogulobini yolakwikayi ikangotula okosijeni imayamba kumatirirana n'kupanga tinthu tatitali tolimba m'kati mwa selo. Selo lomwe limayenera kukhala lobulungira ndi lofewa limauma n'kupindika ngati zenga lomwetera mpunga. Maselo otere amatseka timitsempha ta magazi, zomwe zimabweretsa ululu woopsa m'mafupa, pachifuwa ndi m'mimba. Amathanso msanga, chifukwa selo labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120 pamene lopindika limafa pakati pa masiku 10 ndi 20. N'chifukwa chake wodwala amakhala ndi magazi ochepa nthawi zonse, maso ake amaoneka achikasu, kapamba wake amawonongeka adakali wamng'ono ndipo amagwidwa mosavuta ndi chibayo komanso tizilombo tolowa m'magazi. Ana ena amafa ziwalo kamba ka kutsekeka kwa mitsempha ya mu ubongo.

Kafukufuku wamkulu yemwe anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya Lancet Haematology mu 2023 anayerekeza kuti ana pafupifupi 515,000 anabadwa ndi matendawa pa dziko lonse mu 2021, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse anabadwira m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Mu 2008 bungwe la United Nations linakhazikitsa tsiku la 19 Juni chaka chilichonse kukhala lokumbukira matendawa.

Kuchirikiza puloteni yopendama

Asayansi ali ndi njira ziwiri zikuluzikulu zolimbana ndi vutoli pa muzu pake. Yoyamba ndi yosintha malangizo a chibadwa. Kumapeto kwa 2023 mayiko a Britain ndi America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy, pomwe madokotala amachotsa maselo opanga magazi m'thupi la wodwala, kukawasintha mu labotale kenako n'kuwabwezera. Ku America chithandizochi chinaikidwa pa mtengo wa madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, ndipo wodwala amayenera kulandira mankhwala amphamvu ophera maselo akale a m'mafupa ndi kugonekedwa kwa milungu ingapo m'chipatala chokhala ndi zipangizo zapadera.

Njira yachiwiri ndi yogwiritsa ntchito timamolekyu ting'onoting'ono, tomwe timapangidwa kukhala mapiritsi ngati omwe anthu amawadziwa kale. Kamolekyu kotere ndi kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi puloteni, kotero kamatha kulowa m'selo, kukakhala pa kampata ka puloteni yolakwikayo n'kuigwira kuti ikhale m'maonekedwe oyenera. Zili ngati mlimi yemwe nkhokwe yake yapendama. Iye saigwetsa kuti amange ina, koma amaichirikiza ndi mtengo wa mphanda kuti ipitirize kusunga chimanga. Chibadwa cha wodwala sichisintha, ndipo mphanda ikachotsedwa nkhokwe imapendamanso, n'chifukwa chake mankhwala otere amamwedwa nthawi zonse kwa moyo wonse.

Njirayi yathandiza kale pa matenda ena a chibadwa. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha cystic fibrosis, matenda ofala pakati pa anthu a ku Ulaya ndi zidzukulu zawo. Pa matendawa, puloteni yomwe imagwira ntchito ngati chitseko chodutsira mchere m'maselo a m'mapapo imakhala yolakwika, zomwe zimachititsa kuti makhololo akhale olimba n'kumatseka njira za mpweya. Mu 2012 dziko la America linavomereza mankhwala a ivacaftor a kampani ya Vertex, omwe amagwira chitsekocho kuti chikhale chotsegula, koma poyamba ankathandiza odwala pafupifupi 4 okha mwa 100 alionse. Mu 2019 kampaniyo inaphatikiza ivacaftor ndi mankhwala ena awiri, elexacaftor ndi tezacaftor, omwe amathandiza puloteniyo kupindika bwino kuti ikafike pamalo pake. Mankhwala ophatikizawa, otchedwa Trikafta, ndi oyenera odwala pafupifupi 90 mwa 100 alionse, ndipo mu 2025 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira.

Chitsanzo china ndi cha tafamidis, mankhwala omwe amagwira puloteni ya m'magazi yotchedwa transthyretin kuti isaphwasuke n'kukaunjikana mumtima. Kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti amachepetsa imfa ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse, ndipo America inawavomereza mu 2019.

Kwa dziko ngati Malawi ubwino wa mapiritsi ndi woonekeratu. Safuna opaleshoni, ambiri safuna firiji, ndipo makampani ena akaloledwa kuwapanga mtengo wake umatsika kwambiri. Amalawi anaziona izi pa mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV, omwe mu 2000 mtengo wake unkaposa madola 10,000 pa munthu pa chaka m'mayiko olemera, koma mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inati ikhoza kuwagulitsa pa madola 350. Boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere mu 2004, ndipo m'kupita kwa nthawi anafika mpaka m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. N'chifukwa chake ambiri mu Africa ankayembekezera kuti tsiku lina piritsi la sickle cell lidzadutsa njira yomweyo.

Kukwera ndi kugwa kwa voxelotor

Voxelotor anapangidwa ndi kampani ya Global Blood Therapeutics ya ku California. Popeza himogulobini yolakwika imamatirirana pamene yatula okosijeni, mankhwalawa ankakakamira pa himogulobiniyo n'kuichititsa kuti igwire okosijeni mwamphamvu, potero maselo ambiri sankapindika. Pa kafukufuku wotchedwa HOPE, wa anthu 274, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2019, magazi anakwera mooneka mwa odwala 51 pa 100 alionse omwe ankamwa mlingo waukulu wa mankhwalawa, poyerekeza ndi 7 pa 100 alionse mwa omwe ankamwa mapiritsi opanda mankhwala. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linawavomereza mwachangu mu Novembala 2019, mayiko a mu European Union anatsatira mu 2022, ndipo chaka chomwecho Pfizer inagula kampaniyo pa madola 5.4 biliyoni.

Chilolezocho chinaperekedwa potengera kukwera kwa nambala ya magazi pa makina oyezera. Kafukufuku wa HOPE sanasonyeze mokhutiritsa kuti odwala ankavutika ndi ululu kochepa kusiyana ndi kale. Akatswiri ena anachenjeza nthawi yomweyo kuti himogulobini yomwe yaumirira okosijeni ikhoza kuvuta kumutula m'ziwalo momwe akufunika, kotero magazi akhoza kuoneka ochuluka pa pepala la zotsatira pamene thupi silikupindula mokwanira.

Mu Julayi 2024 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la European Medicines Agency linayamba kuunikanso voxelotor. Malinga ndi bungweli, pa kafukufuku wa ana 236 a zaka zapakati pa 2 ndi 15 a m'mayiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Ghana, Kenya, Nigeria ndi Egypt, ana 8 omwe ankamwa mankhwalawa anamwalira pomwe m'gulu la mapiritsi opanda mankhwala munamwalira ana 2. Pa kafukufuku wina wa anthu 88 okhala ndi zilonda za m'miyendo ku Brazil, Kenya ndi Nigeria panaonekanso imfa 8. Bungweli linati pa nthawiyo panalibe umboni wogwirika woti mankhwalawo ndiwo anapha anthuwo, ndipo linati zina mwa imfazo zikhoza kukhala zokhudzana ndi matenda ena monga malungo. Patangotha miyezi iwiri, Pfizer inachotsa mankhwalawo itaona kuti imfa komanso kuchuluka kwa ululu sizinali zofanana pakati pa omwa mankhwala ndi osamwa.

Pa nkhaniyi pali maphunziro awiri. Loyamba ndi lakuti kukonza maonekedwe a puloteni ndi kukweza nambala ya magazi sikutsimikizira kuti wodwala apulumuka. Chomwe kholo limafuna kudziwa ndi chakuti mwana wake agonekedwa kangati, alira ndi ululu kangati ndipo afika msinkhu wanji. Lachiwiri ndi lakuti mankhwala omwe aoneka abwino ku America kapena ku Ulaya ayenera kuyesedwa modekha kumadera komwe odwala ambiri amakhala, komwe mwana yemweyo amalumidwanso ndi udzudzu, amaperewera zakudya ndipo amakhala kutali ndi chipatala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malungo ndi sickle cell ku Machinga ndi Balaka

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 m'boma la Machinga ndi 438,379 m'boma la Balaka, lomwe linapatulidwa ku Machinga mu 1998. Madera ambiri a maboma awiriwa ndi otsika komanso otentha, ndipo madambo a m'mbali mwa Shire, Chilwa ndi Chiuta amaswa udzudzu wambiri. Maboma onse awiri anali m'gulu la maboma 11 momwe Unduna wa Zaumoyo unayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S mu 2019.

Malungo ndi sickle cell zimayendera limodzi. Mu 1954 Anthony Allison, yemwe ankafufuza kum'mawa kwa Africa, anasonyeza kuti munthu yemwe watengera chibadwa cha sickle cell kwa kholo limodzi lokha amatetezeka ku malungo. Kafukufuku wa pambuyo pake ku Kenya anapeza kuti chitetezocho chimafika pafupifupi 90 pa 100 iliyonse pa malungo aakulu. Munthu wotere sadwala sickle cell ndipo nthawi zambiri sadziwa kuti ali ndi chibadwachi. Ichi ndicho chifukwa chake chibadwachi chinachuluka kumadera a malungo. Koma anthu awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana atengere chibadwacho mbali zonse ziwiri n'kubadwa ndi matendawa, ndipo kwa mwana woteroyo malungo ndi oopsa kwambiri chifukwa amamaliza magazi ochepa omwe ali nawo.

Kafukufuku yemwe anayeza ana osaposa zaka zisanu m'zigawo zonse za dziko lino mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti pafupifupi ana 9 mwa 100 alionse ali ndi chibadwachi cha mbali imodzi. Wina wa mu 2018, yemwe anayeza makanda oposa 10,000 m'chigawo chapakati, anapeza 7 mwa 100 alionse. Ziwerengerozi zimasiyana dera ndi dera, koma masamu ake akusonyeza kuti pamene anthu 7 mpaka 9 mwa 100 ali ndi chibadwachi, ana pakati pa 12 ndi 20 mwa 10,000 alionse obadwa akhoza kukhala ndi matendawa.

Chiwerengerochi chikhoza kuoneka chochepa, koma katundu wake amagwera mabanja omwewomwewo. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mayi wa ku Machinga amabereka ana 6.6 pa avereji, poyerekeza ndi 4.4 pa dziko lonse. Banja la anthu awiri okhala ndi chibadwachi likabereka ana asanu ndi mmodzi, mwayi woti mmodzi kapena angapo mwa anawo adwale umaposa 80 pa 100. Pamene ana a banja limodzi akudwaladwala ndi kumwalira motsatizana popanda yankho la kuchipatala, si zachilendo kuti achibale ayambe kuganizirana ufiti, kapena kuti mbali imodzi ya ukwati iloze chala inzake. Kumadera a chikamwini monga Machinga ndi Balaka, uthenga woti matendawa amachokera kwa bambo ndi mayi mofanana ndi wofunika kufika kwa mafumu, ankhoswe ndi atsogoleri a zipembedzo.

Vuto lalikulu ndi lakuti mwana wa sickle cell amaoneka ngati mwana wina aliyense wa malungo. Amabwera ndi thupi lotentha ndi magazi ochepa, amalandira mankhwala a malungo, mwina n'kuwonjezeredwa magazi, kenako amabwerera kumudzi. Patapita miyezi yochepa amabweranso. Ngati palibe woyeza mtundu wa himogulobini yake, gwero la vuto silidziwika. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala kutupa ndi kupweteka kwa manja ndi mapazi, komwe kumayamba khanda likamakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi.

Magazi owonjezerawo nawonso ndi osowa. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, lili ndi nthambi ku Balaka kuphatikiza pa za ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Bungweli limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu, kotero magazi amachepa pa nthawi ya tchuthi, pamene nyengo ya mvula imachulukitsa ana ofuna magazi kamba ka malungo. Mwana aliyense wa sickle cell yemwe wathandizidwa bwino n'kusafunanso kuwonjezeredwa magazi pafupipafupi amasiyira magaziwo mayi woyembekezera kapena munthu wovulala pa ngozi.

Zomwe zili pafupi

Akatswiri anayerekeza mu 2011 kuti kumadera a mu Africa komwe kulibe chisamaliro chapadera, ana pakati pa 50 ndi 90 mwa 100 alionse obadwa ndi sickle cell amamwalira adakali aang'ono. Ku America oposa 90 mwa 100 alionse amakula kufika pa msinkhu wa munthu wamkulu. Kusiyana kumeneku kunayamba kale, voxelotor ndi Casgevy kulibe. Kunabwera kamba koyeza makanda akangobadwa, kuwapatsa katemera ndi kuwamwetsa penicillin tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa ku America wa mu 1986 anapeza kuti penicillin amachepetsa ndi 84 pa 100 iliyonse matenda oopsa a tizilombo toyambitsa chibayo tikalowa m'magazi. Malawi inayamba kupereka katemera wa tizilomboti kwa makanda mu Novembala 2011.

Palinso piritsi lina lakale lotchedwa hydroxyurea, lomwe linayamba kugwiritsidwa ntchito pa matenda a khansa m'zaka za m'ma 1960. Nalonso ndi kamolekyu kakang'ono, koma silikhudza puloteni yolakwikayo mwachindunji. Limalimbikitsa thupi kupanganso himogulobini ya ukhanda, yomwe mwana amakhala nayo ali m'mimba ndi m'miyezi yoyambirira ya moyo wake. Himogulobini imeneyi ilibe zingwe za beta, ndipo ikasakanikirana ndi yolakwikayo imailepheretsa kumatirirana. Dziko la America linavomereza hydroxyurea kwa akuluakulu odwala sickle cell mu 1998, ndipo ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira.

Panali nkhawa yakuti hydroxyurea akhoza kufooketsa chitetezo cha ana okhala kumadera a malungo, ndipo nkhawayo inayankhidwa mu Africa momwemuno. Kafukufuku wotchedwa REACH, wa ana oposa 600 a ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019, anapeza kuti ululu ndi malungo zinatsika ndi theka, kufunika kowonjezera magazi kunatsika ndi magawo awiri mwa atatu, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa 3.6 kufika pa 1.1 mwa ana 100 alionse pa chaka. Madokotala a pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mogwirizana ndi bungwe la UNC Project, analembanso mu 2018 ndi 2019 za mmene ankaperekera mankhwalawa kwa ana a m'dziko muno. Hydroxyurea amapangidwa ndi makampani ambiri ndipo ndi otsika mtengo, koma amafuna kuti wodwala aziyezedwa magazi nthawi ndi nthawi kuti mlingo wake uziyenderana ndi thupi.

Pa nkhani yoteteza anawa ku malungo, Malawi yatengapo mbali pa kafukufuku. Pakati pa 2021 ndi 2023 ana a sickle cell a m'dziko muno ndi a ku Uganda analowa m'kafukufuku wa CHEMCHA, yemwe anapeza kuti kumwa dihydroartemisinin-piperaquine sabata iliyonse kumachepetsa malungo kwambiri poyerekeza ndi kumwa Fansidar kamodzi pa mwezi.

Njira yofikitsira zonsezi pa chipatala cha boma ilipo kale. Mu Ogasiti 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zinavomereza ku Lomé, m'dziko la Togo, ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, yomwe cholinga chake ndi chakuti matenda aakulu osapatsirana monga sickle cell, shuga wa ana ndi matenda a mtima azithandizidwa pa zipatala za m'maboma. Boma la Neno, lomwe lachita malire ndi Balaka, linayamba ntchitoyi mu 2018 pa zipatala za Neno ndi Lisungwi mothandizidwa ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, ndipo pambuyo pake inafalikira ku Salima ndi Karonga. Ntchitoyi imagwiridwa ndi anamwino ndi madokotala othandizira omwe aphunzitsidwa mwapadera. Tizipangizo toyezera sickle cell ndi dontho limodzi la magazi, monga HemoTypeSC ndi Sickle SCAN, timapereka zotsatira m'mphindi zochepa ndipo sitifuna magetsi.

Ntchito yomwe ili patsogolo

Mwambi umati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kwa Machinga ndi Balaka, choyamba ndi kudziwa ana omwe ali ndi matendawa. Amayi ambiri amaberekera kuchipatala ndipo amapita ndi ana awo ku sikelo kukabayitsa katemera, kotero mwayi woyeza khanda ulipo popanda kumanga nyumba yatsopano. Mwana aliyense yemwe wawonjezeredwa magazi kangapo, kapena yemwe wabwera ndi manja ndi mapazi otupa, akuyenera kuyezedwa, ndipo zotsatira zake zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala kuti aliyense womuona adziwe.

Chachiwiri ndi kupezeka kwa mankhwala mosadukiza. Penicillin, hydroxyurea ndi mankhwala oteteza malungo amathandiza pokhapokha akamamwedwa mwandondomeko, ndipo kholo lomwe lalipira kabaza kuchokera ku Chikweo kapena Utale n'kukapeza kuti mankhwala kulibe limavuta kubweranso mwezi wotsatira. Izi zikufuna kuti makhonsolo a maboma, Unduna wa Zaumoyo ndi Central Medical Stores Trust akhale ndi kaundula wa odwala woti aziwerengerapo mankhwala ofunika. Zikufunanso kuti chisamalirochi chizipezeka ku Liwonde ndi ku Balaka komweko, kuti ulendo wa makilomita pafupifupi 50 wochoka ku Liwonde kupita ku chipatala chachikulu cha Zomba ukhale wa odwala okhawo omwe matenda awakulira. Amayi oyembekezera omwe ali ndi sickle cell nawonso akufunika kalondolondo wapadera, monga WHO inanenera m'malangizo omwe inatulutsa mu Juni 2025.

Chachitatu ndi kukonzekera mankhwala atsopano. Kuchotsedwa kwa voxelotor sikunathetse nzeru yokonza mapuloteni olakwika, popeza Trikafta ndi tafamidis zasonyeza kuti nzeruyi imatheka. Tsiku lomwe kampani ina idzabwere ndi piritsi lina la sickle cell, mabungwe monga National Health Sciences Research Committee, komiti yoona za kafukufuku ya pa Kamuzu University of Health Sciences ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority adzayenera kufunsa ngati piritsilo layesedwa kumadera a malungo, ngati lachepetsa ululu ndi imfa, komanso ngati Amalawi omwe athandiza poliyesa adzathe kulipeza kafukufuku akadzatha.

Ntchito zitatuzi ndi zolumikizana. Boma lomwe lili ndi kaundula wa odwala, anamwino ophunzitsidwa ndi makina owerengera maselo a magazi ndilo lingazindikire msanga ngati mankhwala atsopano akuthandiza kapena akuvulaza. Boma lomwe silidziwa ana ake odwala silingapindule ngakhale piritsi labwino litaperekedwa mwaulere. Ana omwe akubadwa ndi sickle cell ku Machinga ndi Balaka chaka chino adzaona mankhwala atsopanowo ngati adutsa bwino zaka zawo zisanu zoyambirira, ndipo zida zowadutsitsira zaka zimenezo zikudziwika kale.